Timatumba ta M'chifuwa cha Telala

Telala wina wa madiresi aukwati atayamwitsa ana atatu, mwamuna wake anayamba kumuseka kuti mabere ake agwa ngati masokosi. Mawuwo atamukwana, anapita kuchipatala chokongoletsa anthu, kumene anamuika m'mabere timatumba ta silikoni tokweza maberewo. Palibe anamuuza kuti timatumbato sitikhala moyo wonse.

Patapita zaka zisanu, bere lakumanzere linauma gwa, n'kumamuwawa akaweramira makina.

"Mayi, tiyenera kuchotsa," anatero dokotala wina. "Bwanji simunkabwera kudzapimitsa?"

"Anandiuza ndani?"

Tsiku la opaleshoni amene anamuperekeza ndi mng'ono wake, popeza mwamunayo anali atakwatira kwina. Atatsitsimuka, anafunsa ngati bambo a ana ake anaimbako foni. Mng'onoyo anangomukonzera pilo.