Folo Koloko Ija

Chipale chofewa chagwa muno mu Leeds lero, achimwene, ndiye ndakumbuka tsiku lija ndinakuperekezani kusiteshoni, mutasenza chikwama ndi timatabwa tanu totsetserekera pachipale, ulendo wa kumapiri a ku Scotland. Ndinakusekani kuti, "Mwana wa ku Mulanje, mapiri simunatope nawo?" Inu munangoti, "Chemwali, ndikapanda kuimba pofika folo koloko mawa madzulo, muimbire apolisi."

Folo inakwana ndili pashifiti kuchipatala. Ndinayang'ana foni n'kuibwezera m'thumba, mumtima ndikuti Mmalawi anasungapo liti nthawi? Apolisiwo ndinawaimbira kutacha. Anakakupezani mutatisiya kale.

Papita zaka zitatu. Amayi kumudzi amandithokozabe kuti ndinkakusamalani kuno. Za folo ija sindinawauzebe.