Bakha wa ku Dambo la Nancholi

Dzulo, ndikulongedza katundu wa malemu mkazi wanga, ndinapeza botolo la mankhwala amene ankapopera tomato wake. Nditalitsegula, fungo lake linandibwezera ku Nancholi, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Tsiku limenelo bambo anabwera ndi bakha wam'tchire. Anamutola kudambo, kumunsi kwa madimba, ali moyo koma akulephera kuuluka. Ine ndinkaona alimi akutsukira mipope yopopera mbewu m'madzi omwewo, ndipo kukamwa kwa bakhayo kunkatuluka thovu lonunkha ngati kabichi wongopopera kumene.

"Ababa, bakhayu wamwa mankhwala," ndinatero.

"Poizoni amakhala m'matumbo," anayankha akusosola nthenga. "Tikataya matumbowo yotsalayo ndi ndiwo. Udokotala wauyamba liti iwe?"

Amayi anamununkhiza, nandiyang'ana, komabe anamuphika. Pakudya ine ndinakana kutambasula dzanja, bambo n'kuseka. Kenako anatenga ntchafu n'kupatsa mlongo wanga wa zaka zitatu.

Ndinamulanda asanalume, n'kuifumbata. Iye anakuwa, amayi anandikalipira, bambo anaimirira akumasula lamba. Msuzi wotentha unkayenderera m'zala zanga, koma ntchafuyo sindinaibweze.