Phulusa la Ubweya wa Tayiga

Ndikukumbukira bwino nyumba ija ya ku Area 10, ngakhale kuti lero nditati ndiifunefune sindingaizindikire, poti pano paliponse ndi mipanda ya njerwa. Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Boma lidali pakalikiliki kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ndipo Lilongwe yense ankanunkha simenti ndi phula. Kuseri kwa nyumba zatsopanozo kudali kukadali tchire. Mudzi wathu udali umodzi mwa midzi imene idauzidwa kuti ichoke papite msewu. Makolo anga adamwalira ndili wakhanda, ndiye ndidakulira m'manja mwa agogo anga, aNabanda. Iwo adakana kukayamba kuswa mphanje kumalo atsopano ali okalamba. Adandigwira dzanja n'kubwera nane m'tauni kudzafuna ntchito.

Ntchitoyo adaipeza kwa a Kachingwe, banja lochokera ku Zomba. Abwana ankagwira ku maofesi atsopano a boma. Akazi awo, amene tinkawatchula kuti adona, adaona msanga kuti amayi ambiri otayipa makalata m'maofesimo adasiya abale awo kummwera ndipo adalibe kosiya ana. Choncho m'mawa uliwonse ana asanu ndi mmodzi ankatulidwa pabalaza la adona. Dzina lidali la adona, koma phala, matewera ndi kubereka zidali za agogo. Ife tinkagona m'kachipinda ka antchito kuseri. Kachipindako ndiko kadali kwathu konse padziko lapansi.

M'nyumbamo mudalinso galu. Dzina lake Tayiga, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wakuda pamsana. Abwana adachita kusiyiridwa ndi mzungu amene ankagwira naye ntchito ku Zomba, ndipo ankamunyadira kuposa galimoto. Tayiga adali ndi poto wakewake wa nyama ndi mpunga. Loweruka ankasambitsidwa ndi sopo. Pakhonde pamene ankagona padali bulangete lochindikala kuposa limene ine ndi agogo tinkafundira limodzi. Ndidamuda kuyambira tsiku loyamba, naye adandida. Ndikamayanika matewera ankabwera kudzaima kumbuyo kwanga n'kumalira chapakhosi, mano ali pamtunda.

Agogo adayesapo kamodzi kulankhula.

"Adona, galuyu bwanji tizimumanga ana akabwera? Akapita tizimumasula."

"Galu wa abwana samangidwa ngati mbuzi," adatero adona osacheuka n'komwe. "Ndipo iyeyu mwamupeza, aNabanda. Inu mwabwera dzulodzuloli."

Kwa amayi a anawo adona ankati, "Musaope, saluma ameneyu. Ndi wachizungu, adaphunzitsidwa." Amayiwo ankaseka mwamantha, n'kusiya ana awo, n'kuthamangira basi.

Ine ndidali mwana wosayankhulayankhula. Ndinkakhala pakona n'kumangoyang'ana, ndipo anthu akuluakulu ankaiwala kuti ndilipo. N'chifukwa chake ndi ine ndekha amene ndidaona Tayiga akulumana ndi galu wina wowonda wa m'tchire kudzera pa waya wa mpanda. Adabwerako khutu litang'ambika. Abwana adamupaka mankhwala abuluu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma patapita masabata angapo, sukulu titatsekera, ndidaona galuyo akusintha. Nyama ankaisiya m'mbale ntchentche n'kumaidya. M'malo mwake ankatafuna bulangete lake, timitengo, ngakhale miyala. Ankawakha m'malere ngati akugwira ntchentche pomwe panalibe kanthu. Masana ankakabisala pansi pa maluwa a kumpanda. Palibe adandifunsa, inenso sindidauze munthu.

Lidali Lachitatu. Adona adali atapita ku Old Town, kumsika wa Tsoka, ndipo agogo ankawiritsa matewera pambaula kuseri. Mwa ana aja mudali Dalitso, wa zaka ziwiri, wonenepa masaya, amene sankatha kukhala malo amodzi. Adatsika pakhonde ali ndi chitsononkho m'manja n'kulunjika kumaluwa kuja. Ndidadzuka kuti ndimugwire, koma ndidachedwa. Tayiga sadauwe. Adangotulutsa mutu, n'kumugwira pantchafu, n'kumusiya, n'kubwerera mumthunzi.

Agogo adabwera akuthamanga, manja ali thovu lokhalokha. Adayang'ana mabala atatu amene ankatuluka magazi, kenako adandipatsa mwanayo.

"Gwira. Usamusiye."

Kwathu, galu akaluma munthu, mankhwala ake adali odziwika. Ankameta ubweya wa galu yemweyo, kuuwotcha, n'kupaka phulusa lake pabala. Mwini galu sankaloledwa kukaniza ubweyawo. Agogo adakula akuona zimenezo, ndipo sadaganize kawiri. Adatenga thumba la chimanga lopanda kanthu ndi lumo lawo lometera. Ndidawaona, mayi wokalamba wa mawondo otupa, akuyandikira galu uja pang'onopang'ono. Adamuvundikira thumba kumutu, n'kumugwadira pakhosi ndi thupi lawo lonse. Galuyo adaphupha, miyendo ikukanda dothi, thumba likung'ambika. Agogo adameta ubweya wa kumchira, n'kudumphira kumbali. Mpaka lero sindidziwa kuti adapulumuka bwanji.

Ubweyawo adauwotchera pachivundikiro cha poto. Fungo lake lidalowa m'nyumba monse, m'makatani, m'mipando ya adona. Phulusalo adasakaniza ndi mafuta odzola n'kulitikita m'mabala muja. Dalitso adalira mpaka mawu adatha.

Adona adamva fungolo asadatule n'komwe dengu.

"Mwawotcha chiyani m'nyumba mwanga?"

Agogo adafotokoza atagwada. Adona adayang'ana ntchafu ya mwanayo, yakuda bii ndi phulusa, ndipo adakuwa.

"Zakumudzi zanuzo mukuchitira pa mwana wa eni? Mumayang'ana kuti? Ndimakusungirani chiyani pano?"

Adakalipa nthawi yaitali, ana ena aja atakwinyana pakona. Ndidaona maso awo akupita kumaluwa kumene kudali galu wa amuna awo, n'kubwerera kwa ana asanu ndi mmodzi aja. Adalowa kuchipinda, n'kutulukako ndi bandeji, n'kumanga ntchafuyo bwinobwino mpaka phulusa lidabisika.

"Amake akabwera, mwanayu wakalika pa waya. Mwamva, aNabanda? Nkhaniyi ikatuluka pageti, inunso mutuluka nayo." Apo ndi pamene adandiona. "Nanga uyu?"

"Ameneyu sayankhula," adatero agogo.

Amake Dalitso, Mayi Mbewe, adabwera dzuwa litapendeka, atatopa, nsapato zili fumbi. Adamva za wayayo, adapsompsona mwana wawo, ndipo adathokoza adona chifukwa cha bandeji. Adathokozanso agogo. Ine ndidali pakona panga, ndikuyang'ana pansi.

M'mawa mwake adona adatsekera Tayiga m'galaja, n'kuuza abwana kuti galuyo wadwala m'mimba. Masana ndidakasuzumira pamng'alu wa chitseko. Dovu lidali likuchucha mpaka pachifuwa. Beseni la madzi lidali lodzaza monga adalisiyira. Atauwa, mawu ake sadali a Tayiga. Adali osasa, othera m'mwamba ngati kulira.

Ndili pamng'alupo ndidakumbukira a Zuze, mmisiri wa mipando wa kumudzi kwathu. Nawonso adalumidwa ndi galu, nawonso adapakidwa phulusa, ndipo bala lidapola bwino lomwe. Patapita nthawi adayamba kukuwa akaona madzi. Adamwalira atamangidwa zingwe m'nyumba mwawo, ife ana tikumva kubuula kwawo tili kubwalo. Ambiri adati adalodzedwa. Aphunzitsi athu okha ndi amene adatchula dzina lina, chiwewe, n'kutiuza kuti wolumidwa ndi galu wopenga azithamangira kuchipatala bala lisadapole.

Madzulo, agogo akutsuka mabotolo a ana, ndidayandikira.

"Agogo, a Zuze aja adapakanso phulusa."

Manja awo adaima m'madzimo.

"A Zuze adalodzedwa."

"Koma Tayiga sakumwa madzi."

Adatembenuka, ndipo nkhope imene ndidaona ndidali ndisadaionepo.

"Iwe, tseka pakamwa. Ukufuna tikagone kuti? Mudzi adagumula. Uli ndi amako oti akakulandire? Uli ndi abambo ako? Ndakulera ndi mawondo awa, lero ukufuna undiphunzitse mankhwala?"

Ndidatseka pakamwa. Lachisanu lonse ndidakhala ndikuyang'ana Dalitso akutsimphina pabalaza, akuseka, akulanda zidole za anzake. Agogo akamupatsa madzi, ndinkayang'anitsitsa kuti ndione ngati ameze. Ankameza. Koma a Zuze nawonso ankameza masiku oyambirira.

Dzuwa litapendeka ndidatenga ndowa ya zinyalala ngati ndikupita kudzala, n'kutulukira kageti ka kuseri. Ndidazungulira mpanda n'kukaima pamsewu, pansi pa mtengo wa keshya. Mayi Mbewe adatuluka atabereka Dalitso. Adandipitirira. Ndidawatsatira.

"Amake Dalitso."

"Ee, mwanawe? Kodi umayankhula?" Adaseka.

"Si waya. Ndi galu. Ndipo galuyo akuchucha dovu, sakumwa madzi. Amutsekera m'galaja."

Kuseka kudatha. Adatsitsa mwanayo pamphepete pa msewu pomwepo, n'kumasula bandeji imene adona adawauza kuti asaikhudze mpaka Lolemba. Adaona malo a mano atatu, atatupa, akuda ndi phulusa. Adanyamula mwanayo m'manja n'kukaima pakati pa msewu, n'kuimitsa lole ya mchenga imene inkachokera kumene ankamanga. Lole ija idawatenga kupita nawo kuchipatala.

Loweruka m'mawa Mayi Mbewe adabwera ndi amuna awo pamodzi ndi anthu a boma oona za ziweto. Abwana adayamba ndi kukalipa, kunena kuti galu wawo ndi wa mtundu wapamwamba. Atatsegula galaja n'kuona okha, adawapatsa njira. Mfuti idalira kawiri. Mutu wa galuyo adaudula n'kupita nawo kukayeza. Mayi Mbewe adaima pakhonde n'kuuza adona mawu amene sindingawalembe pano, ndipo oyandikana nawo onse adamva. Pofika Lolemba palibe mayi adabweretsa mwana.

Katundu wathu adona adamuponya okha kunja kwa geti: mphasa, bulangete, mapoto awiri.

"Njoka mumaisunga m'chitenje, aNabanda. Mumati sayankhula. Tengani mwana wanu wolongololayo muzipita."

Agogo sadandimenye. Bola akadandimenya. Adasenza mtolo n'kuyamba kuyenda, ine ndili pambuyo, mtunda wonse kuchokera ku Area 10 mpaka ku Old Town, osatembenuka ngakhale kamodzi. Tidapeza kachipinda kodontha pafupi ndi mtsinje, kuseri kwa msika. Ntchito ya m'nyumba sadaipezenso, poti adona adali atauza anzawo onse kuti aNabanda amapaka ana zitsamba. Adayamba kugulitsa makala. Ankasenza matumba pamutu mpaka msana udapindika. Kwa masabata ambiri ankangondiikira chakudya patsogolo osanena mawu.

Patapita miyezi, Mayi Mbewe adatipeza pamsikapo. Dalitso adali kumbuyo, atawonda pang'ono, akudya nthochi. Adandiuza kuti mutu uja adaupeza ndi chiwewe, ndipo mwanayo adabayidwa jakisoni pamimba tsiku ndi tsiku mpaka pamimbapo padalibe pogwira. Adandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, ngati akupereka moni kwa munthu wamkulu. Agogo adali pomwepo, pambali pa mulu wa makala, koma Mayi Mbewe sadawapatse moni.

Atachoka, agogo adalavula pansi.

"Waona mmene bala lapolera? Phulusa lija limenelo. Iwo akuti jakisoni."

Adakhulupirira zimenezo mpaka tsiku lawo lomaliza. Adandiphunzitsa sukulu ndi makala omwewo, adandidikirira ndikadwala, koma mvula ikamadontha m'kachipinda kathu ankayang'ana kudenga, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Ku Area 10 kudali malata abwino."

Kwa zaka zambiri mkwiyo wanga unkasowa pokhala. Ndidayamba ndi kuda galu, kenako adona, ndipo nthawi ina ndidadanso agogo. Pano ndapitirira msinkhu umene iwo adali nawo tsiku lija, ndipo ndikuona mosiyana. Galu adali wodwala basi. Adona ndi amene ankadziwa kumene kuli chipatala, ndipo adasankha bandeji. Amenewo sindidawakhululukire ndipo sindikuona chifukwa. Agogo adagwadira galu wopenga pakhosi chifukwa cha mwana wa munthu wina. Chimene ankadziwa adachichita ndi moyo wawo wonse, kungoti chimene ankadziwacho chidali cholakwika, ndipo mantha a kusowa pogona adawatseka makutu.

Ana anga atabadwa sindidawasiyepo m'nyumba imene galu amayenda momasuka pakati pa makanda, ngakhale mwini wake alumbire motani kuti saluma. Koma limenelo ndi phunziro laling'ono. Lalikulu lidandiwawa kwambiri. Ndidadziwa ndili mwana kuti munthu ukhoza kunena zoona, moyo wa wina n'kupulumuka, koma wolangidwa n'kukhala munthu amene umamukonda kuposa onse. Palibe amene amabwera pambuyo pake kudzakonza zimenezo. Agogo adamwalira asadandikhululukire. Inenso, ngakhale ndidawasamala mpaka kuwatseka maso ndi manja anga, sindidawapepese.