Theka la Botolo Lomwe Esinati Sanamwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili Fomu 3 ku Namitambo, pamene amayi anathamangitsa Esinati chifukwa cha theka la botolo la kachasu.

Esinati anali mwana wa malemu mayi anga aang'ono, ndipo ine ndi iye tinkagona mphasa imodzi. Amayi ankatcheza kachasu. Kale ankasakaniza okha madzi ndi mutu, uja woyamba kudontha wowotcha pakhosi, poyeza ndi lilime basi. Msana utayamba kuwavuta, ntchitoyo anasiyira Esinati ndi kumupatsa muyezo: mabotolo makumi awiri a mutu, makumi awiri a madzi, m'chigubu chimodzi. Koma pobwezera m'mabotolo ogulitsa, lomaliza linkalekera pakati. Sabata ndi sabata, zomwezo.

"Ukulawa iwe!" anakalipa amayi. "Mtsikana wa kwaya kumapapira kachasu?"

Esinati analumbira mpaka mawu kusasa. Amayi anamununkhiza m'kamwa makasitomala akuona, ena akuseka. Mapeto ake anamumangira zovala m'chitenje kuti azipita kwa atsibweni ku Ndunde, ndipo sukulu yake inathera pomwepo.

Teremu yotsatira aphunzitsi athu a sayansi anabwera ndi kabotolo ka mowa wa m'labu, wopanda madzi m'kati. Anatiphunzitsa kupeza ukali wake: mowa, kugawa ndi zonse zosakanizidwa, kuchulukitsa ndi handiredi.

"Mamililita 50 a mowa, 50 a madzi. Maperesenti angati?"

"Fifite!" tinakuwa tonse, ngakhale anyamata ogona a kumbuyo.

Anathira zonse m'galasi lalitali la mizere, nagwedeza. Galasilo linafunda. Anandiitana kuti ndiwerenge. Ndinasisita m'maso, ndi kuwerenganso. Aa! Zinaima pa 96.

"Mwataya ena, sala," anatero mnyamata wina.

"Palibe dontho lagwa," anayankha aphunzitsi. "Mowa ndi madzi zimalowana, ngati mawere ukawathira m'nyemba. Gawani 50 ndi 96, mupeza maperesenti 52."

Anzanga ankaomba m'manja. Ine ndinangokumbukira Esinati. M'maso mwanga munali botolo lomaliza lija.

Ndinafika kwathu wefuwefu. Amayi anati, "Za kusukulu zako usandibweretsere kuno, ndinayamba kutcheza mowa uno usanabadwe." Ndinalira mpaka anavomera kuti ayese, ati andichotse mwano. Anatseka chitseko, nayeza ndi manja awo, ine manja kumbuyo. Makumi awiri, makumi awiri. Pobwezera, lomaliza linalekera pakati.

Anasuzumira m'chigubu. Anapapasa pansi, pouma gwa. Kenaka anangokhala pansi, miyendo tambalale.

"Mayo ine! Mwana wa mng'ono wanga!"

M'mawa mwake anauyamba wapansi wa ku Ndunde, ndi msana wawo womwewo, ine pambuyo. Tinapeza Esinati akupalira m'dimba la mwamuna yemwe atsibweni anamupezera, mimba ikuonekera kale. Amayi anafotokoza akugwetsa misozi. Iye anagwada mwaulemu, nati, "Ndinakuuzanitu, amayi." Basi, anatola khasu lake.

Lero ndine wamkulu, koma zimandiwawabe. Amayi sananame, ndiponso sanalakwitse kuwerenga. Cholakwa chinali kukhulupirira chigubu kuposa mwana amene ankalumbira akulira. Kanthu kakasowa m'nyumba mwanga, ndimayamba ndamvetsera kaye, chifukwa theka la botolo lija silinamwedwe ndi munthu, koma linadya sukulu ya Esinati.