Mapiritsi achikasu ndi dzanja la aSakala

Dzina la aSakala likangondifikira, mphuno zanga zimamva sipiriti ndi sopo wofiira uja wa kuchipatala, fungo limene linkatsogola iwo asanatulukire pa mtengo wa mango wolekanitsa bwalo lawo ndi lathu, njinga yawo ikulira kwetche kwetche. Ankagwira ntchito pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Sinda, kutsuka zilonda, kubaya jakisoni ndi kumasulira mawu a madokotala osadziwa chilankhulo chathu. Ife ana tinkawaopa. Dzanja lawo silinkagwedera ngakhale pang'ono, ndipo ukayamba kulira ankangoti, "Lira, koma usasunthe."

Chaka chimenecho, m'masiku a Chitaganya, azungu akulamulirabe, ambiri a ife pasukulu ya mishoni tinkakodza magazi. Likodzo tinkalitenga kudambo kokasamba, ndipo ine, kamtsikana ka zaka khumi, ndinali nditawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Ndiye kunabwera dokotala wachizungu wochokera kutali, ali ndi kalaliki wake ndi mabotolo a mapiritsi achikasu. Anauza aSakala kuti Lolemba asonkhanitse makolo, awauze kuti mankhwala a likodzo afika, aliyense adinde chala papepala. Basi.

Kuyambira Lachinayi aSakala sanaonekenso panjira. Tinkangomva munthu akusanza kuseri kwa nkhokwe yawo, m'mawa ndi masana, akazi awo aNabanda akudutsa ndi phulusa m'phale osapereka ndi moni womwe. Amayi atafunsa, aNabanda anayankha kuti, "Asiyeni ouma mutu amenewo, adzifunira okha."

Lolemba tinadzaza bwalo la sukulu. Amayi anali oyamba pamzere, chala chawo chitapakidwa kale inki. ASakala anaima pambali pa dokotala, maso ali chikasu, atatsamira tebulo. Dokotala analankhula mawu ochepa chabe, koma kumasulira kwake kunatalika.

"Mankhwalawa ndi atsopano," anatero aSakala. "Eni ake sanadziwe bwino ngati amachiza, ndiye akufuna kuonera pa ana anu. Kwathu kuno wopereka chikho amayamba walawa. Amene ndiziika mapiritsiwa m'kamwa mwa anawa ndine, choncho ndamwa masiku atatu. Ndasanza, mutu wazungulira, ndipo taonani." Anakweza dzanja lamanja lija, lobaya jakisoni lija. Linkanjenjemera ngati tsamba la chimanga pamphepo. "Mwina wodwala angachire nawo, ine sindikudziwa. Wofuna adinde. Wosafuna, jakisoni wakale alipo ku Katete, ndi wowawa koma timamudziwa, ndipo palibe amene amangidwe chifukwa chokana."

Ine ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akudzivulaza dala chifukwa cha ana a eni. Kalaliki anawerama n'kunong'oneza dokotala, ndipo nkhope ya dokotala inafiira. Anafunsa kanthu mwaukali. ASakala anamuyankha m'Chingerezi, kenako anatembenukira kwa ife. "Ndawauza kuti anandilemba ntchito yokhala pakamwa pawo, koma makutu amene akumvawa ndi a abale anga."

Amayi anayang'ana chala chawo, anayang'ana ine, n'kupukutira inki ija pansalu yawo. Banga lake silinachoke mpaka nsaluyo inatha. Makolo ena sanachoke. Aphunzitsi athu anafunsa choti achite mwana akayamba kusanza, wina anafunsa ngati angaleke pakati, ndipo dokotala, tinene zoona, anakhala pansi n'kuyankha mmodzimmodzi mpaka dzuwa kupendeka. Ena anadinda atamva zonse. Ine ananditengera ku Katete, ndinabayidwa mpaka mkono kutupa, ndipo ndinachira.

Mwezi usanathe aSakala anachotsedwa ntchito, ati anatenga mapiritsi popanda chilolezo. Dzanja lija silinabwererenso mwakale. Anayamba kulima nshawa, ndipo pobzala mbewu zinkawatayika m'mbali mwa phando, aNabanda akubwera m'mbuyo akutola uku akung'ung'udza. Nditakula ndinawafunsa ngati sanadandaule.

"Ndinadandaula ndithu, ntchito inali yabwino," anatero. "Koma ukanafa iwe, ndikanalowa bwanji pamaliro ako, bwalo lake lomweli?"

Atakalamba kwambiri ndinapita kukawaona, nditanyamula thobwa. Kapu inkawagwedera mpaka kutayikira pamaondo, ndiye ndinawagwirira n'kufikitsa pakamwa. Iwo anatseka milomo, akundiyang'ana ndi maso oseka. Ndinachita manyazi, ndinamwako kaye, ndipo pamenepo anatsegula pakamwa.

Lero ndine gogo. Kuchipatala akandipatsa pepala loti ndisayinire mdzukulu, ndimawatopetsa ndi mafunso, anamwino mpaka kuyang'anana. Ayang'anane. Sindisayina chimene sindinachimve, chifukwa ufulu wofunsawo wina anandigulira ndi dzanja lake lamanja.