Makala a Anasimbi

Kumpingo ankangowatchula Anasimbi, chifukwa kwa zaka makumi awiri nsalu za paguwa ndi mikanjo ya kwaya zinkadutsa m'manja mwawo. Ankachapa Lachinayi, n'kusita Loweruka ndi simbi ya makala. Lamulungu pa zolengeza ankathokoza oimba ndi okongoletsa maluwa, koma wosita sankatchulidwa.

Amuna awo atamwalira, alamu awo, mkulu wake wa malemuwo, analanda nyumba, makina osokera, ngakhale bedi. Anasimbi anatuluka ndi mwana wamkazi ndi simbi ija, imene alamuwo anati n'chitsulo chachabe. Anakakhala m'kachipinda kuseri kwa chigayo. Mwanayo atakula ankalimbikira zopita kukhoti, iwo n'kumakana. Anamva abusa akulalikira kuti kubwezera n'kwa Mulungu, ndi kuti ukamchitira zabwino mdani wako, wamsenzetsa makala a moto. Makala ankawadziwa bwino. Ankadziwa kuti salephera kuwotcha.

Ndiye alamu aja atafa ziwalo mbali imodzi, akazi awo n'kuthawa, Anasimbi anapitako osaitanidwa. Ankawatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, kuchapa zofunda zonunkha m'beseni lomwe iwo eni analandira pa ukwati wawo. Mwana wawo ankawanyogodola kuti amayi apeza ntchito yaulere m'nyumba yawo yomwe. Iwo ankangodikira liwu limodzi lokha, loti pepani.

Chaka chinatha. M'mawa wina akusita malaya a wodwalayo, anamva akuitanidwa ndi lilime lolemera la alamu aja. Anakhazika simbi pa njerwa, nakagwada pambali pa bedi.

"Mlamu," anatero wodwalayo, "ine ndimawauza anthu kuti za nyumba zija inu sizinakupwetekeni. Zikanakupwetekani bwenzi mukubwera kuno?" Kenaka anadandaula kuti kolala ya malaya a dzulo inali ndi makwinya.

"Ndamva, alamu," anatero Anasimbi.

Atabwerera pa tebulo anapeza makala asanduka phulusa. Anaima nthawi yaitali osakoleza ena. Anaona kuti ndi manja awo omwe amene afufuta mlandu uja, moti palibenso amene adzakhulupirire kuti analakwiridwa. Kwa Mulungu nakonso analibe pokadandaulira, poti ankadziwa chimene anabwerera: sanabwere kudzachiza, anabwera kudzawotcha.

Lamulungu lotsatira dzina lawo linamveka paguwa koyamba. Abusa anawaimiritsa, nati nayu mayi wosasunga mangawa, ndipo mpingo sudzavutikanso kufuna wina wosamalira wodwalayo. Anthu anawomba m'manja. Mwana wawo anatuluka pemphero lisanathe.

Lolemba Anasimbi anadzuka msana ukuwawa, natenga simbi ndi kathumba ka makala. Panjira anayesa kupemphera koma mawu sanabwere. Anapitabe, poti munthu uja akapanda kutembenuzidwa amatuluka zilonda.