Kachitini ka pamsana pa mota

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mayi anandichotsa kumudzi kwathu, kufupi ndi Mitundu, n'kukandisiya kwa atsibweni a Lufeyo ku Nathenje. Anati kumeneko sukulu ili pafupi, ndipo mlongo wawo sangandigoneke ndi njala. Mayi ankakhulupirira anthu. Ine khalidwe limenelo ndinalisiya ku Nathenje komweko, pamodzi ndi nsonga za zala ziwiri za dzanja langa lamanja.

Atsibweni anali ndi kachigayo kokonola chimanga kuseri kwa msika, koyendera magetsi. M'kanyumbamo munkanunkha gaga ndi girisi, fumbi loyera likumata m'nsidze. Koma kachigayoko kanali ndi matenda ake. Akakweza swichi, mota sinkazungulira. Inkangolira ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu, ikunjenjemera, ikutentha. Pankafunika munthu woti akoke lamba ndi manja nthawi yomweyo kuti gudumu lisunthe pang'ono, kenako mota inkalandira yokha n'kuthamanga. Swichi inali pakhoma lakuchitseko, pamene lamba anali kuseri kwa makina, pampata wopapatiza poti munthu wamkulu sakanakwanapo. Wolowa pampatapo ndinali ine. Ndinkadzutsa makinawo m'mawa ndisanapite kusukulu, ndipo magetsi akathima masana n'kuyakanso, anthu ankakhala pamatumba awo kudikira kuti ndiweruke.

Atsibweni anandilangiza kuti ndizikokera lamba kwa ine, osati kukankha. Tsiku lina ndinasokoneza, ndinakankha, ndipo makina onse anayenda chobwerera. Ndinalandira khofi. Tsaya likuyaka choncho, ndinadabwa kuti chinthu chachitsulo chachikulu chotero chinalibe mbali yakeyake yolowera, chinkangopita kumene dzanja la mwana lachilozera.

Atsibweni ankakonda kuseka ndi amayi odzakonoletsa. Ankandisisita kumutu n'kumati, "Dzanja la mwana uyu ndi lamwayi. Makinawa amamva iye yekha."

Amayiwo ankaseka nawo. Akasenza matumba n'kufika kumsewu, ankayankhula zina. Ankati chigayo sichiyenda chabe, mwini wake amachiikira chizimba, mankhwala ofuna magazi a wachibale, ndipo chizimba cha a Lufeyo ndi kamtsikana kaja. Kusukulu anzanga anasiya kunyema mbatata yanga. Wina anandifunsa ngati n'zoona kuti ndimagona m'kati mwa makina. Ndinakauza atsibweni, iwo anati ndisiye anthu ayankhule, bola akubweretsa chimanga.

Linali Loweruka, nthawi yokolola, matumba atandanda mpaka panja. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo atayaka atsibweni anakuwa kuti ndifulumire asanathimenso. Ndinalowa pampata, ndinagwira lamba. Anakweza swichi ndisanakhazikitse phazi. Ndinakoka, mota inalandira msanga kuposa masiku onse, lamba ananditenga dzanja n'kulipititsa pagudumu. Ululu unabwera pambuyo. Choyamba chimene ndinamva ndi mawu a mayi wina pakhomo, otsitsa, ngati akuuza mnzake za mtengo wa tomato: "Chalandira chake."

Nditachoka kuchipatala kachigayo kanali zii. Panalibe kholo lololera kubwereketsa mwana wake. Patatha masiku ochepa atsibweni anaitana Che Saidi, bambo amene ankakonza mawailesi ndi mafani pakhonde la sitolo ya abale awo kumsewu. Ine ndinakhala pakhomo, dzanja lili m'mabandeji, ndikuyang'ana.

Che Saidi sanagwire n'komwe lamba. Anamasula kachivundikiro kotukuka pamsana pa mota, n'kutulutsamo kachitini kakuda, kokulirapo pang'ono kuposa batire la tochi, kotupa kumutu, kotuluka zonga phula. Anaikamo kena kochokera m'thumba la malaya, anamanga, anakweza swichi. Mota inadzuka yokha. Popanda dzanja la munthu.

Ndinawafunsa kuti kanthuko n'chiyani. Atsibweni anandiyang'ana ndi diso loti nditseke pakamwa, koma Che Saidi ananjuta pafupi nane. Anati dzina lake ndi kapasita. Anandifunsa ngati ndinasinjapo ndi mnzanga mumtondo umodzi. Ndinati inde. Anafunsa chimene chimachitika misi iwiri ikatsikira pamodzi. Ndinati imagundana, ntchito siyenda. Wina amayenera kutsogola, wina kutsatira.

Anati m'kati mwa mota ndi momwemonso. Magetsi a m'mawaya sayenda njira imodzi ngati madzi a mumtsinje, amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mofulumira kwambiri. M'motamo muli mawaya okulungidwa magulu awiri. Gulu limodzi likamagwira lokha, kapena onse awiri akamakankha nthawi imodzi, gudumu limangokankhidwira uku ndi uku mofanana, silidziwa kolowera, ndiye kulira kuja. Kachitiniko kamadzaza magetsi n'kukhuthula, kudzaza n'kukhuthula, ndipo potero magetsi a gulu lachiwiri amatsogolako pang'ono kusiyana ndi a gulu loyamba. Uyu akakankha, uyo akubwera pambuyo pake, mosinthana ngati misi ija, ndipo gudumu limapeza mbali yoyambira.

"Kachitini katafa, musi wachiwiri unali iweyo," anatero.

Kenako anaimirira, akupukuta manja pasanza, n'kuyankhula kwa atsibweni osakweza mawu. "A Lufeyo, kanthu aka ndinabwera nako pakhomo pano mvula isanathe. Munandibweza. Munati muli ndi mwana."

Atsibweni anati zakale zisiyeni, n'kuyamba kuthira chimanga m'makina kuti phokoso likwirire nkhaniyo.

Ndiye ankadziwa. Miyezi yonse ija akundisisita kumutu, akunena za dzanja lamwayi, anthu akundithawa ngati ndanyamula maliro, iwo ankadziwa kuti chafa ndi kachitini, ndipo ankadziwa khonde limene kakupezeka. Panalibe mwayi, panalibe chizimba. Panali munthu wamkulu amene anayang'ana kachitini, n'kuyang'ana mwana wa mlongo wake, n'kuona kuti chosavuta kupeza ndi mwanayo.

Mayi atabwera kudzandiona ndinawafotokozera zonse, mpaka za misi iwiri. Analira, anandigwira dzanja labwinolo. Kenako anandinong'oneza kuti ndisakanene kumudzi, chifukwa atsibweni ndiwo mwini mbumba, sitingawachititse manyazi. Zimenezi zinandipweteka kuposa gudumu. Tinabwerera ku Mitundu limodzi, ndipo kumudzi nkhani imene inatsala ndi ya chizimba ija, poti yoona inaletsedwa. Amayi ena anafa akukhulupirirabe kuti zala zanga zinadyedwa ndi mankhwala. Atsibweni anaikidwa m'manda ndi nyimbo zabwino, ndipo ine ndinapita kukaphika nawo pamaliropo, ndi zala zomwezi.

Lero ndine gogo, ndipo ana anga amati ndine wovuta. Amati sindikhulupirira wokonza njinga, wogulitsa feteleza, ngakhale abusa. Sanama. Munthu akayamba kuyamikira mwana kuti ali ndi dzanja labwino, ine ndimayang'ana chimene chawonongeka pakhomopo.

Mwezi watha ndinalowa m'kanyumba kometera ka mkamwini wanga pa Mitundu. Fani yake inkalira kulira kuja, ndinakuzindikira ndisanadutse pachitseko. Waya wotchinga kutsogolo anali atachotsedwa, ndipo mdzukulu wanga Tadala anali atakwera pampando, chala chili m'mwamba, bambo ake akumuuza kuti angoikankha pang'ono. Sindinapereke moni. Ndinazula pulagi, ndinanyamula faniyo pamutu, n'kudutsa nayo pamsika anthu akuona.

Mkamwini ananditsatira akuti amayi, ndi kafani chabe, sikangadule munthu, makasitomala akumva kutentha. Ndinamuonetsa dzanja. Ndinamuuza dzina la kachitiniko, ndi kuti tsiku limene kadzafike pakhomo panga ndilo limene adzaonenso fani yake. Anati adzagula mawa. Mawa limenelo ndimalidziwa.

Faniyo ili pansi pa bedi langa mpaka lero. Chinthu chikamafuna dzanja la mwana kuti chidzuke, ndiye kuti pali wamkulu amene akudziwa chimene chafa, ndipo wasankha kukhala chete. Ine ndinakhalapo kale musi wachiwiri. Tadala sakhala.